Tebulo lanu lisayandikire gilayinda

Mayi, mwafunsa za tebulo lanu losuwa vanishi, ine ndikuti musayerekeze. Mmisiri ameneyo wakuuzani kuti apala tebulo lanu ndi gilayinda m'mawa n'kupaka vanishi madzulo ake omwewo, muuzeni kuti zikomo, tebulo likhale pomwe lili. Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa langa linaphedwa momwemo.

Linali la mbawa, thabwa lenileni lochindikala, lolemera moti kulisuntha pamafunika anthu awiri. Vuto lake linali laling'ono ngati lanulo, vanishi wakale anali atayamba kusuwa ndipo makapu otentha anasiya timizere toyera tozungulira. Basi. Mmisiri wake anabwera ndi pakamwa potsekemera, akuti mudzaliiwala kuti ndi lakale. Pobwera kuntchito ndinalipeza panja, padzuwa lamasana, likunyezimira. Poyamba ndinasangalala. Nditayandikira n'kuyendetsa dzanja pamwamba, mayo ine! Pamwamba ponse panali zigwa ndi zitunda. Gilayinda imazungulira liwiro loopsa, inapangidwira chitsulo, ndiye paliponse pomwe dzanja lake linaima pang'ono inakumba dzenje. Mizere yopingasa, yokhota ngati mwezi, inali mbwee kuyambira uku mpaka uko, ndipo vanishi anangoionetsa bwino kwambiri. Malo ena thabwa linapsa n'kuda. Ngodya zomwe zinali zosongoka bwino anazidya zonse, ina kwambiri ina pang'ono.

Vanishi yemweyo anamuthira wokhuthala, kamodzi, pamwamba pa fumbi lomwe sanapukute. Fumbi, timatsitsi ta bulashi, ngakhale kachirombo, zonse zinamatirira momwemo. Dzuwa linaumitsa khungu la pamwamba pokha, mpweya wotuluka m'thabwa lotentha n'kutukumula timatuza, pansi pake vanishi ali wamadzi. Ukadinikiza ndi chala chidindo chimatsala. Koma chomwe chinandiliza ndi usiku wake. Titalilowetsa m'nyumba tinangomva kuti thaa! Matabwa awiri apakati, omwe anagwirana ndi guluu zaka zonsezi, analekana, mng'alu woti ndalama yachitsulo n'kulowa. Mbali yam'mwamba inauma ndi dzuwa, yam'munsi ayi, thabwa linapindika mpaka guluu anagonja.

Nditamuimbira anati, "Mbawa imatero bwana, thabwa lanu linali lotha kale." Lotha kale! Tebulo loti lakhala nganganga osagwedera n'komwe, latha tsiku lomwe iye waligwira? Kenako foni osayankhanso. Anthu otere amandinyansa chifukwa ntchito yothamangitsa amaidziwa kuti ndi yoipa, amangowerengera kuti mwini wake aona kunyezimira n'kulipira asanagwire ndi dzanja.

Ndiye chitani nokha, si zovuta, zimangofuna kudekha. Yambani mwaona m'mphepete mwa tebulo kumapeto kwa thabwa. Ngati mizere ya pamwamba ikupitirira n'kutsikira m'mbalimo, ndi thabwa lenileni. Ngati pamwamba pangomatidwa kachikopa kathabwa kopyapyala, kosakwana ndi milimita imodzi yomwe, sandipepa wokhakhala aboola musanazindikire. Litsukeni kaye ndi nsalu yonyowetsa ndi tapentaini, makamaka ngati mumalipopera polishi. Mapolishi ambiri opopera amakhala ndi mankhwala oterera otchedwa silicone, ndipo akatsalira vanishi watsopano amathawa n'kusiya timaenje tozungulira.

Vanishi wakale mufewetseni ndi mankhwala ochotsera penti n'kumupala ndi chopalira, sandipepa amangodzaza n'kumata mukayamba naye. Kenako sandipepa wa nambala 80 (nambala ikachepa ndiye wokhakhala kwambiri) ngati pali zokala zakuya, apo ayi yambirani pa 120, mubwere pa 180, mumalize ndi 220. Musadumphe nambala, aliyense amafafaniza zokala za mnzake. Mukulungeni pa kathabwa kosalala kuti zala zisakumbe, ndipo dzanja lizitsata mizere ya thabwa, osapingasa ngakhale kamodzi. Mukaona ngati mwamaliza pukutani ndi tapentaini, thabwa likadali lonyowa zokala zonse zobisala zimaonekera, ndiye mmene zidzaonekere ndi vanishi.

Kupaka kwake pakhale pamthunzi, mopita mphepo koma mopanda fumbi. Ulendo woyamba sungunulani vanishi pang'ono ndi tapentaini kuti alowe m'thabwa. Wamafuta mumusiye maola 24, mukweche mopepuka ndi 320, mupukute, mupakenso. Katatu kopyapyala n'kokwanira. Pansi pa tebulo mupakenso, anthu amaiwala, pomwe ndi pomwe chinyezi chimalowera thabwa n'kupindika. Ndipo kuuma pogwira si kulimba, vanishi wamafuta amatenga pafupifupi mwezi kuti alimbiretu, chotero mpoto wotentha kapena nsalu yapulasitiki zidikire. Mukasankha mafuta opaka matabwa otchedwa linseed m'malo mwa vanishi, nsalu zopakira musaziunjike, zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni chotambasula kapena zivikeni m'madzi.

Komabe ndinene zoona, tebulo lalikulu kulikwecha ndi manja mapewa amalira. Makina aja okwechera matabwa otchedwa orbital sander ndi abwino, bwerekani ngati alipo, bola osadinikiza, aziyenda okha pang'onopang'ono. Ndipo ngati tebulolo ndi lamtengo wapatali kwa inu, mwina n'kwabwino kupeza mmisiri ndithu, langa analumikizanso ndi mmisiri wina wachikulire wokhala ndi zopanira zazitali, ine ndekha sindikanatha. Anachita kulichepetsa ndi puleni kuti zigwa zithe. Kungoti mukamupeza mufunseni kuti agwiritsa ntchito sandipepa wa nambala zanji ndipo apaka kangati. Akangoti tsiku limodzi litheka, mutsekulireni geti azipita. Tumizani chithunzi cha m'mphepetemo tione ngati ndi thabwa lenileni musanagule chilichonse.