Mukasiya nyeleti, musabwerere kunyumba chimanjamanja

Mayi wina wa ku Kanyama watumiza imelo. Ali ndi ana anayi, wamng'ono ali ndi miyezi 8. Kale ankabaya Depo, nyeleti ya chilezi, koma atasiya kusamba apongozi anati magazi akuundana m'mimba. Anasiya nyeleti, mimba n'kubwera. Pano akufuna kupuma zaka zitatu, ndiye akufunsa ngati kuyamwitsa kungamusunge.

Ayi mayi, sikungakusungeni. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, inunso musanayambenso kusamba. Wanuyo wayamba kale phala. Komanso dzira limatha kukhwima musanaone magazi oyamba, n'chifukwa chake ena amangodzidzimuka mimba ili ndi miyezi itatu.

Koma zoti magazi akuundanazi zimandipweteka mutu. Depo imaletsa dzira kukhwima ndipo imachepetsa kachikuta ka m'kati mwa chiberekero kamene kamayoyoka mwezi uliwonse. Kakachepa, chotuluka palibe. Palibe thumba la magazi limene likudikira kuphulika. Apongozi sindikuwanena, amalankhula zimene anamva. Cholakwika chili pa mzere wa kukiliniki: namwino mmodzi, amayi odzaza benchi, kubaya, kulemba deti pakhadi, wotsatira! Mphindi ziwiri zonena kuti "kusamba kusintha, mwina kudontheza, mwina kusiya" zikanasunga amayi ambiri.

Kafukufuku wa zaumoyo wa mu Zambia wa 2018 anapeza kuti mwa amayi apabanja 100, pafupifupi 20 amafuna kupuma kapena kuleka kubereka koma sali pa njira iliyonse. Ine ndimakana zoti amenewa sadziwa za chilezi. Ndani mu Lusaka muno sadziwa nyeleti? Ambiri anayesa, thupi linawadabwitsa, palibe anawauza kuti njira imasinthidwa ngati nsapato yothina. Alangizi nawo amaphunzitsa mkwatibwi zonse za kuchipinda, koma za kutalikitsa ana, zii. Abambo ena amafuna "kamwamuna kamodzi basi", ngati kuti mayi ndiye amasankha. Mbewu ya bambo ndiyo imachititsa mwana kukhala wamwamuna kapena wamkazi.

Za nyeleti yokha

Imabayidwa pa masabata 13 alionse. Mukachedwa osapitirira masabata anayi, pitani ndithu akakubayeni. Ilipo ina, Sayana Press, yobaya pansi pa khungu la pamimba kapena pantchafu, imene namwino angakuphunzitseni kudzibaya nokha. Vuto lenileni la nyeleti, kaya Depo kaya Sayana Press, ndi loti mukaisiya mimba imatha kuchedwa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka chaka. Koma siumitsa chiberekero.

Kwa inu wofuna zaka zitatu, kubwerera kukiliniki kanayi pachaka n'kudzivutitsa. Funsani Implanon, kandodo kamodzi ka pamkono ka zaka zitatu, kapena Jadelle, tiwiri ta zaka zisanu. Nato timasokoneza kusamba. Ngati mtima wanu umakhazikika mukamaona mwezi wanu, sankhani lupu ya kopa, yoika m'chiberekero: ilibe mahomoni, imakhala zaka 10, kungoti miyezi yoyamba magazi amachuluka ndi kupweteka m'chiuno. Zonsezi sizichepetsa mkaka, ndipo mungachotsetse tsiku limene mwafuna. Mukamamwa mankhwala a TB kapena ma ARV okhala ndi efavirenz, nenani, chifukwa amafooketsa tindodo ta pamkono tija. Pitani sabata yomwe ino ndi khadi la sikelo la mwana, ayambe akuyezani mimba, ndipo kufikira tsikulo, kondomu.