Ntchito yofotokozera anthu za kafukufuku: mwana wanu angailowe bwanji?

Mayi wina wa ku Malindi wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 4. Anthu a kafukufuku anabwera kusukulu kwawo ndi maikulosikopu n'kuwaonetsa mazira a likodzo, ndipo chionereni mtsikanayo akungonena kuti ntchito yake idzakhala imeneyo. Mayiwo akufuna kudziwa ngati ili ntchito yodyetsa munthu, komanso zoti mwanayo aphunzire.

Mayi, ntchitoyi ilipo ndipo imalipira. Pa zotsatsa ntchito imalembedwa kuti community engagement officer, ndipo ambiri amayamba ngati field worker, wozungulira m'midzi kufunsa anthu mafunso a kafukufuku. Kuno ku Mangochi si yachilendo. College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya KUHeS (yunivesite ya Kamuzu yophunzitsa zaumoyo), yakhala ikuchita kafukufuku wa kadyedwe ka ana ndi amayi oyembekezera ku Lungwena mogwirizana ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lili pa Queens ku Blantyre, lili ndi nthambi yoona za kukambirana ndi anthu kudzera pa wailesi, m'masukulu ndi m'makomiti a m'midzi. Mu 2017 ofufuza anapeza m'mbali mwa nyanja kuno nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zofalitsa likodzo la m'matumbo. Anthu ambiri amadziwa likodzo ngati kukodza magazi basi, ndiye pamafunika wina woti akawauze kuti mtundu winawu umapezeka poyeza chimbudzi cha munthu. Wina ameneyo ndiye amene mwana wanu akufuna kukhala.

Chimene anaona kusukulu chija ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyo. Tsikulo lisanafike, pamakhala pataperekedwa kalata ku ofesi ya maphunziro ndi ya zaumoyo ya boma, kenako kwa a PEA, ahedi, komiti ya sukulu ndi amfumu. Ngati pali kutenga mkodzo kapena magazi a ana, kafukufukuyo amakhala atavomerezedwa ndi komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, ngati COMREC kapena NHSRC, kholo limasaina kapena kudinda chala pamaso pa mboni, ndipo mwanayo payekha amafunsidwanso ngati akufuna. Mkodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Amakoka mamililita 10 ndi sirinji, kuwakankha pa kasefa, n'kuika kasefako pa kagalasi. Dzira la likodzo la m'chikhodzodzo limaoneka lotalikirapo, lili ndi kaminga kunsonga. Mwana akaona kamingako ndi maso ake, amamvetsa chimene chimachekera mkati n'kutulutsa magazi, kuposa mmene angamvere pa bolodi.

Wodziwa ntchito saonetsa kalasi mkodzo wa mwana amene ali pomwepo. Amabwera ndi kagalasi kokonzeratu kopanda dzina. Akalakwitsa apa, mwanayo amasekedwa teremu yonse, ndipo makolo salolanso ana awo kuyezedwa.

Zolakwika zina zimachokera pa kusadziwa dera. Msonkhano woikidwa Lachisanu masana kumudzi kwa Asilamu sukhala ndi anthu. Asodzi amene agwira usipa usiku wonse sangakhale pansi m'mawa, amayi nawo ali pa thandala poyanika. Kulankhula Chichewa chokha ku Makanjira kapena ku Namwera kumasiya agogo ambiri kunja, pamene iwowo ndi amene amalamula ngati mdzukulu apatsidwe mankhwala. Nkhani ya magazi ndiye yofunika kusamala koposa. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera, ndipo mantha amenewo sanatheretu. Mukangonena kuti "titengako pang'ono" simunathandize. Onetsani kabotolo kake, nenani kuti mamililita 5 ndi supuni imodzi ya tiyi, fotokozani kumene magaziwo akupita ndi zimene akayezedwe. Ndipo ofufuza akamaliza abwerere kudzanena zotsatira, chifukwa mudzi umene sunauzidwe zimene zinapezeka umakana kafukufuku wotsatira.

Tsopano za sukulu. Kuti asankhidwe ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, mwanayo akufunika makirediti 6 pa MSCE, Chingelezi chili momwemo. Alimbikire Biology, Chemistry ndi Masamu. Palibe khomo limodzi lolowera. Ena amachita Medical Laboratory Sciences ku KUHeS, ena Environmental Health ku MUBAS, ena za nsomba ku LUANAR kapena ku Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe. Alipo olowera ku utolankhani, koma ine ndimakonda kuti mwana ayambe wagwira sayansi, popeza funso la mayi amene mwana wake wasanza atamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, silifuna mawu okoma, lifuna kudziwa kuti mankhwalawa samwedwa pamimba yopanda kanthu.

Mapointi akapanda kukwana, asataye mtima. Ntchito za field worker nthawi zambiri zimafuna MSCE, Chiyao ndi Chichewa, komanso kutha kulemba mayankho pa tabuleti. Satifiketi ya Good Clinical Practice, yosonyeza kuti munthu waphunzira malamulo ochitira kafukufuku pa anthu, imapezeka mwaulere pa intaneti ku The Global Health Network, ndipo aiphatikize pa kalata yofunsira ntchito. Dziwani chabe kuti ntchito zoterezi ndi za kontilakiti, zimatha kafukufuku akatha, choncho malipirowo asungeko a dipuloma. Aliyense wopempha ndalama kuti amulowetse ntchito ndi wakuba.

Pakadali pano apemphe mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kuti azimuperekeza pa sikelo n'kumamvetsera mafunso a amayi. Kunyumba mumuyese motere: afotokozere agogo ake, m'Chiyao kapena m'Chichewa, ulendo wa likodzo kuchoka mu mkodzo, kulowa mu nkhono, kubwerera m'madzi mpaka kuboola khungu la wosamba, m'mphindi 5, osatchula liwu la Chingelezi. Kenako agogowo abwereze zimene amva. Pamene asokoneza ndi pamene mtsikanayo akonze mawa lake.