Wandifunsa zoti udye, koma ukumadya ndi ndani?

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaulandira. Wati adokotala akupeza ndi BP usanakwanitse n'komwe zaka 40, thupi likungokwera, ndipo malipiro akumathera ku zakudya zogula mwezi usanafike pakati. Ukufuna ndikutchulire zakudya zoti usiye. Apa sindichedwapo, poti adokotala akuuza kale. Chepetsa mchere. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asamafike magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni kakang'ono kosadzaza, koma anthu ambiri padziko amadya kuwirikiza kawiri, ndipo zophikaphika zogulazo zimabwera ndi mchere umene iwe suuona. Mankhwala ukapatsidwa uzimwa osadumphitsa.

Chimene chandikhudza ine ndi timawu timene unangoponya kumapeto. Wati masana umadyera pa kompyuta, ndipo madzulo aliyense amanyamula mbale yake, akazi ako ali pa foni, ana ali kuchipinda, iwe pa TV. Iii, mwanawe, ndiye nyumbayo mumakumanamo nthawi yanji?

Mayi anga sankapakula mpaka womaliza atafika. Ife ana zinkatinyansa zedi, m'mimba mukulira, maso ali kunjira kudikira munthu amene wachedwa ndi zake. Koma tikakhala pansi, mayi ankayamba kudya mochedwa kuposa tonse, chifukwa ankayamba ayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi. Ndikukumbukira tsiku lina mng'ono wanga, amene ankadya ngati palibe mawa, ankangotembenuza chakudya osachiika pakamwa. Mayi sanamufunse kanthu. Anangotambasula mkono n'kumugwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, n'kupeza thupi latentha. Kutacha anali naye kuchipatala. Mwana sabwera kudzanena kuti ndadwala, kapena kuti anzanga akundizunza kusukulu. Amangosiya chakudya. Tsono wakoyo akasiya theka kuchipinda, mbale n'kudzapezeka mawa lake pansi pa bedi, angazindikire ndani?

Bambo anga nawo anali ndi funso lawo lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, lakuti mwaphunzira chiyani lero. Ukayankha kuti masamu, ankati afotokozere mlongo wakoyu mpaka amve. Apo ndiye pankaonekera ngati unamvadi kapena unangokopera pa bolodi. Tinkaphunziranso kudikira kuti wina amalize kulankhula, ndi kuyang'ana kaye ngati enawo akwanira tisanawonjezere. Zimenezi palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa, zinkangolowa zokha tikudya. Masiku ano mumalipira aphunzitsi apadera, ndipo sindikunyoza, koma mwana wosamva akuluakulu akucheza mawu ake amakhala ochepa.

Za ndalamazo uwerengere wekha. Kuphikira anthu asanu mumphika umodzi sikungafanane ndi kugulira aliyense phukusi lake. Ndipo pamene aliyense akudya nthawi yake, zotsala zimangoonongeka chifukwa palibe akudziwa kuti mnzake wasiya chiyani. A bungwe la United Nations anawerengera kuti mu 2022 dziko lonse linataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo pa magawo khumi alionse asanu ndi limodzi anatayidwa m'makomo. Za thupi n'chimodzimodzi. Munthu amene maso ali pa sikirini samva kuti wakhuta, amangozindikira mbale yayera. Wodya akucheza amaima, amayankha, amaseka, ndipo mimba imapeza mpata womuuza kuti basi.

Usaganize kuti ndi nkhani za nkhalamba chabe. Ku yunivesite ya Harvard anayamba mu 1938 kutsatira moyo wa anthu kuyambira unyamata wawo mpaka ukalamba, ndipo chimene chinaonekera kwambiri n'chakuti amene ankakhala bwino ndi abale ndi anzawo ndiwo ankakalamba ndi thanzi komanso osangalala. Ku Britain mu 2018 boma linafika posankha nduna yoona za kusungulumwa, ku Japan anachitanso zomwezo mu 2021, ndipo mu 2023 a WHO anakhazikitsa komiti yapadera yoona za vutoli. Nduna yathunthu! Ine nditamva ndinaseka, kenako chisoni chinandigwira, poti anthu akuvutikira kunja chinthu chimene anachisiya okha m'nyumba mwawo.

Sindikukunamiza kuti kale kudyera limodzi kunali kokoma masiku onse. Mikangano inalipo, ena ankadya atakwinya nkhope, ndipo panali masiku amene chakudyacho chinali chochepa moti unkadzuka m'mimba musanamve kanthu. Koma ngakhale okwiyirana ankakhalabe moyang'anana, ndipo n'zovuta kusungira munthu mkwiyo sabata yonse pamene ukumupatsira madzi akumwa madzulo alionse.

Ndikudziwa kuti mumaweruka mochedwa, misewu imadzaza, wina amafika ana atayamba kale kuwodzera. Sindikunena kuti tsiku lililonse. Sankhani madzulo amene mungathe, TV izime, mafoni akhale kuchipinda china, yakonso, chifukwa ndikukudziwa iwe, udzati ndikudikira uthenga wa kuntchito. Masiku oyamba mudzangoti zii, mudzangomva masupuni okha, ndipo wamkulu uja adzadya mothamanga kuti abwerere ku foni yake. Usamukalipire, komanso usasandutse nthawi ya chakudya kukhala bwalo la milandu, kufunsa za malikisi ndi nsapato zosowa, apo ayi onse adzathawa. Yamba iweyo kufotokoza zimene wakumana nazo tsikulo, ngakhale zopanda pake. Wamng'onoyo ndiye adzayambe kukuyankha.

Ndipo poti tikunena zophika, usawasiyire okha akazi ako, nawonso amachokera kuntchito atatopa. Lowa kukhitchini, ana adule zodula, wina atsuke mbale. Mukamaphika nokha mcherenso muzidzithirira nokha, ndiye adokotala ako aja sadzadandaula. BP uziyezetsabe monga anakuuzira, ndipo undiuze mmene yakhalira ukapitanso.