RAID ya pa khadi kapena ZFS pa seva ya makina a virtual?

Wowerenga wina wandilembera imelo yofotokoza kuti wapeza seva ya Dell yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi khadi ya RAID (njira yophatikiza madisiki angapo kuti deta isatayike disiki imodzi ikafa) ya mtundu wa PERC ndi madisiki anayi a SSD, ndipo akufuna kuikamo Proxmox kuti aziyendetsapo makina a virtual (makompyuta opangidwa ndi pulogalamu mkati mwa seva imodzi) asanu ndi limodzi, imodzi mwa iwo ikhale ya database ya kuntchito kwawo. Mnzake wamulangiza kuti akhulupirire khadiyo popeza ndiyo inapangidwira ntchito imeneyi, pomwe iye wawerenga kuti ZFS, pulogalamu yophatikiza madisiki ndi kusungapo deta popanda khadi ya RAID, imateteza deta bwino kuposa khadi. Akufunsa kuti atsate malangizo ati.

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Pa seva yanu ine ndingasankhe ZFS, koma chifukwa chake chikuyambira pa pulogalamu yoyendetsera makina a virtual imene mwasankha. Mukadakhala kuti mukuika VMware ESXi ndikadakuuzani kuti musunge khadiyo osataya nthawi, chifukwa ESXi payokha siphatikiza madisiki a m'seva imodzi kukhala RAID ya pulogalamu, ndipo imayembekezera kuti khadi ndiyo igwire ntchitoyo. Proxmox ndi yosiyana, chifukwa kuyambira m'chaka cha 2015 imalola munthu kusankha ZFS pa nthawi yoiika pa seva, pamene mdadm, pulogalamu ya RAID ya pa Linux, ngakhale ndi yakale komanso yodalirika, opanga Proxmox saiika m'gulu la zinthu zimene amathandizapo makasitomala awo.

Mnzanuyo sakunama ayi. Mphamvu yeniyeni ya khadi ya RAID ili mu memory yake yotetezedwa ndi batire kapena capacitor. Makina a virtual angapo akamagwira ntchito nthawi imodzi amalemba tizidutswa ting'onoting'ono ta deta m'malo osiyanasiyana a disiki, ndipo database imaumirira kuti iuzidwe kuti zimene yalemba zasungidwa ndithu isanapitirize. Khadi imalandira zolembazo mu memory yake n'kuyankha nthawi yomweyo, kenako n'kumazitsitsira pa madisiki pambuyo pake, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi batire ija imasunga zimene zinali zisanalembedwe. M'masiku a madisiki ozungulira, zimenezi zinkasiyanitsa seva yothamanga ndi seva yokwawa. Vuto pa seva yogwiritsidwapo kale ntchito ndi lakuti batire imakalamba, ndipo ikafooka makhadi ambiri amazimitsa okha njira yolembera mwachanguyo, kotero kuti seva imayamba kuchedwa mwini wake osadziwa chifukwa. Ena amakakamiza khadi kuti ipitirize kulemba mwachangu ngakhale batire itafa, ndipo chimenechi ndikukupemphani kuti musachite konse, chifukwa magetsi kungothima kamodzi database ikhoza kuwonongeka.

Chimene khadi singachite ndicho chimandikokera ku ZFS. Khadi imadziwa disiki ikafa, koma nthawi zambiri sidziwa disiki ikabweza deta yolakwika mwakachetechete, ndipo madisiki awiri a mirror (osunga deta yofanana) akasemphana ilibe njira yodziwira amene akunena zoona. ZFS, imene inatuluka ku Sun Microsystems m'chaka cha 2005, imasunga checksum (nambala yotsimikizira kuti deta sinasinthe) ya chidutswa chilichonse cha deta, moti ikawerenga chidutswa chowonongeka imachizindikira, n'kutenga chabwino pa disiki inayo, n'kukonza cholakwikacho. Komanso silemba pamwamba pa deta yakale koma pamalo atsopano, ndiye ilibe vuto lija la RAID 5 limene limabwera magetsi akathima deta italembedwa koma parity (zimene RAID 5 imagwiritsa ntchito pobwezeretsa deta disiki ikafa) isanalembedwe. Pa seva ya makina a virtual zimenezi n'zofunika kwambiri, popeza disiki yonse ya makina amodzi imakhala chinthu chimodzi chachikulu, ndipo kuwonongeka kwa malo ochepa kukhoza kudzaoneka patatha miyezi, ma backup onse atatengera kale cholakwikacho.

Palinso nkhani ya tsiku limene chipangizo chafa. Khadi ya RAID ikapsa, madisiki anu amafuna khadi ina ya banja lomwelo kuti iwerenge mmene anasanjidwira, ndipo pa seva yakale khadi yoteroyo ingatenge masiku kuti ipezeke. Madisiki a ZFS mukhoza kuwazula n'kuwalumikiza pa kompyuta ina iliyonse ya Linux yokhala ndi ZFS, n'kulemba lamulo la zpool import, deta yanu n'kuonekanso.

Komatu ZFS ili ndi zofuna zake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Imafuna kulankhula ndi madisiki mwachindunji, choncho musaiike pamwamba pa RAID ya khadi, ndiponso musapange RAID 0 ya disiki imodziimodzi pofuna kuinamiza, chifukwa mukatero khadi imakhalabe pakati n'kumabisa zimene disiki ikunena za thanzi lake. Simunatchule mtundu wa PERC yanu, ndiye chonde muuyang'ane. PERC H730 ili ndi HBA mode yopereka madisiki mwachindunji, pamene H710 ilibe, ndipo njira yoyera kwambiri ndi kuchotsa khadiyo n'kuika HBA yeniyeni, khadi yongolumikiza madisiki popanda RAID, ngati HBA330 pa maseva amene amailandira. ZFS imafunanso RAM, ndipo pa Linux inkatenga mpaka theka la RAM yonse ngati munthu sanaiikire malire, zimene zimapikisana ndi makina a virtual. Malangizo a Proxmox ndi kuisiyira pafupifupi 2 GB, kuwonjezerapo 1 GB pa TB iliyonse ya deta.

Chinthu chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa ndi mtundu wa ma SSD anuwo. Mukachotsa khadi mwachotsanso memory yotetezedwa ija, ndiye udindo wosunga zolemba za database magetsi akathima umagwera pa ma SSD. Ma SSD opangidwira maseva ali ndi ma capacitor awoawo, kotero amatha kuyankha mwachangu popanda kuika deta pachiswe. Ma SSD wamba a m'malaputopu alibe chitetezo chimenechi, ndipo pansi pa ZFS ndi database amachedwa kwambiri komanso amatha msanga. Ngati anuwo ndi wamba ndipo simungathe kuwasintha, pamenepo ndingavomereze kuti khadi yokhala ndi batire yatsopano, ndi LVM-thin (njira ya Linux yogawira makina a virtual malo pa disiki) pamwamba pake, ingakutumikireni bwino kuposa ZFS.

Pa kasanjidwe ka madisiki anayiwo, sankhani ma mirror awiri ophatikizidwa, amene ndi ofanana ndi RAID 10. RAIDZ (njira ya ZFS yofanana ndi RAID 5) kapena RAID 5 ingakupatseni malo ochulukirapo, koma gulu limodzi la RAIDZ limalemba tizidutswa ting'onoting'ono pa liwiro loyandikira la disiki imodzi yokha, ndipo kubwezeretsa disiki yakufa kumavutitsa madisiki onse otsala. RAID yongoyatsa mu BIOS ya motherboard musaiwerengere n'komwe.

Njira iliyonse imene mungatsate, RAID sikubwezerani makina amene mwafufuta molakwitsa kapena amene agwidwa ndi ransomware (pulogalamu ya akuba yotseka deta kuti mulipire), choncho backup ikhale pa kompyuta ina, mwachitsanzo ya Proxmox Backup Server. Konzani kuti seva izikutumizirani imelo disiki ikayamba kuvuta, ndipo onetsetsani kuti scrub, ntchito ya ZFS yowerenga deta yonse pofufuza zowonongeka, ikuchitika mwezi uliwonse. Musanaikepo deta yeniyeni ya kuntchito, zulani disiki imodzi seva ili kuyaka, muone ngati uthenga wafika, kenako muibwezere ndi kuyesa lamulo losinthira disiki la zpool replace, n'kulemba papepala nambala ya disiki iliyonse ndi malo ake m'seva. Mukandilembera mtundu wa khadi ndi wa ma SSD anu, ndidzakuuzani ngati HBA mode ingakukwanireni kapena ngati pakufunika HBA ina.