Yankho kwa a malume pa za dzina la Schweinsteiger

Eee, malume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali shifiti ya usiku, ndangodzuka kumene. Uthenga wanu uja ndaumvera kawiri chifukwa koyamba ndimangoseka. Kwa ena a m'gulu muno amene simunaumve, a malume akuti dzulo pabawo panabuka mkangano. Wina akuti Bastian Schweinsteiger uja, amene ankasewera mpira ku Bayern ndi Manchester United, dzina lake limatanthauza “wokwera nkhumba”. Wina akuti ayi, dzina lalitali chonchi ndi la kubanja lachifumu. Ndiye akufunsa ine, poti ndili konkuno ku Germany, kuti zoona n'ziti, komanso ngati anthu a dzinali ndi ambiri ngati a Banda kwathu.

Poyamba katchulidwe, malume, chifukwa momwe mwalitchulira muja mwini wake sangatembenuke. Kuno “w” amamutchula ngati “v”, “ei” amati “ai”, ndipo “st” amayamba ndi “sh”. Ndiye muziti Shivaini-shitaiga, mofulumira. Mukatero pabawo paja akupatsani ulemu.

Wa zachifumu uja waluza, ameneyo musataye naye nthawi. Maina a mabanja achifumu kuno nthawi zambiri amakhala ndi kamawu koti “von” patsogolo. Kutalika kwa dzina si ufumu, Ajeremani amangokonda kulumikiza mawu awiri atatu n'kukhala amodzi. Wa nkhumba uja ndiye wayandikira, koma wagwa pamapeto. Schwein ndi nkhumba, zimenezo n'zoona. Ndipo steigen ndi kukwera, n'zoonanso. Moti ngakhale Ajeremani eni ake akamalimva amaseka, n'chifukwa chake manyuzipepala ankamutchula kuti Schweini, ngati kunena kuti kankhumba, dzina limene iye atakula sankalikonda. Koma dzinali silinadulidwe pamene anzanuwo akulidula. Si Schwein ndi Steiger ayi. Ndi Schweinsteig, kenako “er” kumapeto.

Schweinsteig ndi malo, malume. Ndi timidzi ting'onoting'ono kummwera kwa Bavaria, m'boma la Rosenheim, m'chigwa cha mtsinje wa Inn kufupi ndi malire a Austria. Ndipo “er” uja amangotanthauza munthu wa kumeneko. Wa ku Berlin ndi Berliner, wa ku Hamburg ndi Hamburger, eya, ngakhale chakudya chija dzina lake linachokera komweko. Ndiye Schweinsteiger ndi munthu wa ku Schweinsteig, basi. Ngati mmene timanenera kuti aja ndi a kwa Kachere, aja ndi a kudambo.

Nanga malowo analitenga kuti dzina la nkhumba? Apa pali matanthauzo awiri. M'Chijeremani chakale munali mawu oti stige, kutanthauza khola la ziweto zazing'ono, ndiye Schweinsteig n'kukhala pakhola la nkhumba. Komanso Steig ndi kanjira kokwera phiri, ndiye n'kukhala kanjira kodutsa nkhumba, kaya zoweta kaya nguluwe. Ine ndimakonda la khola lija, chifukwa ndikaganiza za mlimi wa zaka mazana angapo zapitazo, anthu oyandikana naye sakanavutika kuganiza dzina lokongola. Anangoti, kuja kuli khola la nkhumba kuja. Dzina n'kukakamira pamalopo, kenako n'kukakamira pa anthu.

Dikirani kaye ndithimitse ketulo.

Eya, ndabwera. Funso lanu lachiwiri lija, loti kodi ndi ambiri, ndi limene landisangalatsa kwambiri, chifukwa yankho lake likuchokera pomwepa. Dziko lino lili ndi anthu oposa 83 miliyoni, ndipo maina a mabanja osiyanasiyana alipo pafupifupi 850,000. Banda wa kuno ndi Müller. Anthu a dzinali alipo pafupifupi 700,000, kutsala pang'ono kufanana ndi anthu onse a mumzinda wa Blantyre. Pambuyo pake pamabwera Schmidt, Schneider, Fischer, Weber. Tamverani matanthauzo ake: Müller ndi wa pachigayo, Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala, Fischer msodzi, Weber wowomba nsalu. Mwaona? Mudzi uliwonse unali ndi chigayo chake, unali ndi wosula makasu wake. Ndiye dzina loti Müller linabadwa kambirimbiri, m'malo masauzande, kwa anthu osadziwana n'komwe. Gerd Müller ndi Thomas Müller onse anamwetsa zigoli ku Bayern, onse ndi a ku Bavaria, koma si pachibale. Apa n'zosiyana ndi kwathu, kumene a Phiri awiri akakumana amayamba kufunsana za mfunda ndi kumene makolo anachokera. Kuno a Müller awiri akakumana sakhala ndi chofunsana.

Koma Schweinsteig sanali m'mudzi uliwonse. Ndi timalo towerengeka, ndipo tonse ting'onoting'ono. Kumapiri kumeneku anthu sankamanga mothithikana ngati kwathu. Ankamanga famu imodzi payokha pamtunda, kapena nyumba zitatu zinayi, ina n'kukhala kutsidya kwa chigwa. Ndiye dzina lochokera pamalo otere limayamba ndi mabanja ochepa kwambiri, ndipo ngakhale patapita zaka mazanamazana silingafike patali. Anthu a dzina la Schweinsteiger tikuwawerenga m'mazana. Mutawasonkhanitsa onse a dziko lino, sangadzaze ngakhale mbali imodzi ya Kamuzu Stadium. Ndipo mukayang'ana pamapu osonyeza kumene maina amapezeka, Müller amathimbirira dziko lonse, pamene Schweinsteiger ndi kadontho kakuda m'boma la Rosenheim, kenako timadontho totuwa cha ku Munich ndi maboma oyandikana nawo, kwina konseko mbee.

Mwina mufunsa kuti amawerenga bwanji, popeza boma lino silifalitsa mndandanda wa maina a anthu onse. Akatswiri anachenjera, anatenga buku la manambala a foni. Ku Mainz kuli bungwe la zamaphunziro limene kuyambira 2012 likulemba dikishonale ya maina a mabanja pa intaneti, ndipo amagwiritsa ntchito manambala a foni za m'nyumba a chaka cha 2005, pafupifupi 28 miliyoni. Anatenga chaka chimenecho chifukwa nthawi imeneyo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi foni yapatebulo yolembedwa m'buku. Lero aliyense ali ndi yam'manja, ndipo achinyamata salembetsa. Ndiye amawerenga manambala a dzina limodzi, n'kuchulukitsa pafupifupi katatu, poganiza kuti panyumba pamakhala anthu angapo. Si chiwerengero chenicheni ngati cha kalembera, koma chimaonetsa bwino kumene dzina linamera.

Chimene chimandidabwitsa ine n'choti mnyamatayu sanapite patali ndi dzina lake. Anabadwira ku Kolbermoor pa 1 Ogasiti 1984, pafupi ndi Rosenheim pomwepo, n'kukulira ku Oberaudorf, kumene bambo ake anali ndi sitolo ya zamasewera. Ndiye kuti zaka mazana onsewa banjali lakhala likuzungulira m'chigwa chimodzimodzi. Mkulu wake Tobias nayenso anasewera mpira kenako n'kukhala mphunzitsi wa mpira. Ndipo Bastian ali mwana ankachita bwino kwambiri pa masewera otsetsereka pachipale chofewa, mpaka anachita kusankha pakati pa zimenezo ndi mpira. Akanasankha zinazo, malume, bwenzi pabawo panu palibe amene akulidziwa dzinali.

Ndinafikako ku Oberaudorf chaka chatha ndi anzanga a kuntchito. Pasitima kuchokera ku Munich ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, mumadutsa Rosenheim, ndipo mukapitirira pang'ono mwalowa Kufstein, ku Austria. Ndi kamudzi kabata, mapiri uku ndi uku, ng'ombe zovala mabelu m'khosi, nyumba zokhala ndi makhonde amatabwa odzaza maluwa. Ine, mukundidziwa, ndinalowa kumanda. Musadabwe, kuno manda ali pakati pa mudzi, osesedwa bwino, anthu amalowa ndi zitini zothirira maluwa ngati akupita kudimba, palibe zopempha chilolezo kwa amfumu. Ndinkawerenga maina paziliza, ndipo dzina lija limene ife timaliona ngati la munthu mmodzi padziko lonse, kumeneko ndi dzina wamba, la agogo amene anamwalira mnyamatayo asanabadwe n'komwe. Anzanga ankandiseka kuti anthu abwera kudzaona mapiri, iwe ukuwerenga akufa.

Amene anandimasulira bwino nkhani imeneyi ndi agogo ena aakazi amene ndinkawasamalira kuntchito, a zaka zoposa 90, anakulira pafamu kumapiri komweko. Anandiuza kuti kumudzi kwawo munthu sankadziwika ndi dzina la pachiphaso ayi, ankadziwika ndi dzina la famu. Famu iliyonse inali ndi dzina lake, amati Hofname. Mwamuna akakwatira mwana wamkazi wa pafamupo n'kukakhala komweko, anthu ankamutchula dzina la famuyo, lake la kwawo n'kuiwalika. Ndinaseka, ndinati agogo, ndiye chikamwinitu chimenecho, kwathu tili nacho. Sanamve, koma anaseka nawo. Anati mwana akakumana ndi munthu wamkulu panjira sankafunsidwa kuti dzina lako ndani, ankafunsidwa kuti ndiwe wa kwa yani. Ndendende mmene agogo athu ankafunsira ana obwera kudzatunga madzi pachitsime. Mpaka lero anthu a ku Bavaria akamacheza amayamba ndi dzina la banja, la munthu pambuyo. Sanena kuti Bastian Schweinsteiger, amati Schweinsteiger Basti.

N'chifukwa chake maina a kummwera kuno ambiri amathera ndi “er” ndipo amanunkha famu. Huber ndi mlimi amene anali ndi munda wa muyeso wokwanira banja. Gruber ndi wokhala kudzenje kapena kuchigwa. Berger ndi wa kuphiri, ndiye a Phiri a m'gulu muno muli ndi anzanu kuno. Beckenbauer, malemu aja anamwalira mu 2024, dzina lawo ndi mlimi amene ankaphikanso buledi. Badstuber ndi woyang'anira nyumba yosambiramo anthu. Lahm, kaputeni wa Germany uja ananyamula chikho cha World Cup mu 2014, mawuwo amatanthauza wolumala mwendo, munthu wothamanga ngati ameneuja. Timu yonse ija mukaimasulira imamveka ngati msonkhano wa kwa amfumu.

Za nthawi, mwachidule. Kale anthu kuno anali ndi dzina limodzi basi. Maina a mabanja anayamba m'mizinda ikuluikulu ngati Cologne cha m'ma 1100, chifukwa a Hans ndi a Heinrich anachuluka moti pa msonkho ndi pa cholowa sankadziwa kuti akunena uti. Kumidzi anafika mochedwa. Kalembedwe kanali kosakhazikika, wansembe aliyense ankalemba mmene wamvera, mpaka mu 1876 pamene boma linayamba kusunga kaundula wa obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse. Kuyambira pamenepo dzina linauma, kulisintha ndi nkhani ya maofesi ndi ndalama, ndipo pamafunika chifukwa chomveka.

Maina osowa ngati limeneli amatha kufa ndithu. Kale mkazi akakwatiwa ankatenga dzina la mwamuna, ndiye banja likabereka ana aakazi okhaokha dzina lathera pomwepo. Müller sangazimve zimenezo, koma dzina la mabanja ochepa likataya nthambi ziwiri zitatu lagwedezeka. Malamulo anasintha, kuyambira m'ma 1970 mwamuna akhoza kutenga dzina la mkazi, kuyambira m'ma 1990 aliyense akhoza kusunga lake, ndipo kuyambira Meyi 2025 banja lonse ndi ana omwe likhoza kutenga maina awiri olumikiza. Tangoganizani mwana wa sitandade 1 akuphunzira kulemba Schweinsteiger n'kuwonjezeraponso lina. Koma ndimaonabe kuntchito kuti atsikana ambiri akakwatiwa akutenga la mwamuna.

Ndipo dzina la banja kuno si lamasewera, malume. Nyumba zambiri zosanja zilibe manambala a zitseko, pabelu ndi pabokosi la makalata pamalembedwa dzina la banja. Ine nditangosamukira muno ndinachedwa kumata langa, makalata anabwerera milungu iwiri, ina inali yofunika ya chiphaso. Wonyamula makalata akapanda kuona dzina sagogoda, safunsa woyandikana nawe, amangobweza. Pano ndinamata ndi selotepi kawiri.

Ndiye mukapita pabawo madzulo ano, wa zachifumu uja agule Fanta. Wa nkhumba uja mumuuze kuti nkhumba ilimo koma palibe anaikwera, munthuyu ndi wa pamudzi wotchedwa Schweinsteig. Akatsutsa mumukumbutse fainolo ya World Cup ya 2014 ku Maracanã, Schweinsteiger magazi akutsika pansi pa diso, kusokedwa m'mbali mwa bwalo n'kubwereranso mpaka Götze kumwetsa chija pa mphindi ya 113. Za ku United kwanu, 2015 mpaka 2017, sindiyankhulapo, mungakwiye, munamulandira mawondo atatha kale ndipo Mourinho anamuthamangitsira kokachita masewera ndi ana.

Jezi munanena ija ndaifunsa, ya dzina lake pamsana ndiyovuta kupeza tsopano, koma amatha kusindikiza. Vuto amalipiritsa, ndipo zilembo zake ndi 14. Munditumizire saizi, musanene ya chaka chatha, mayi aang'ono andiuza kale kuti mimba yakula. Moni kwa onse kunyumba, agogo muwauze ndiwaimbira Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.