Aircon ya R22 yathanso gasi: kudzazitsa kapena kugula ina?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chilenje. Mwachidule akuti ali ndi aircon m'chipinda chogona imene malemu amuna awo adaikitsa zaka zoposa 10 zapitazo. M'zaka ziwiri zokha yatha gasi katatu, ndipo ulendo uno mmisiri wawauza kuti gasi wa R22 adaletsedwa, choncho agule ina mwezi uno usanathe. Ku Kamwala adaona aircon yotsika mtengo ya gasi wina wotchedwa R410A, koma mwana wawo amene ali ku America wawauza pa foni kuti nayonso ili m'njira kutha. Funso lawo ndi lakuti, adzazitsenso kapena agule ina? Nanga akagula, agule iti kuti asadzalirenso mawa?

Amayi, zikomo pondilembera, ndipo pepani kuti Okutobala wakupezani ndi makina osazizira. Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha. Chimene mayiko adagwirizana kuchepetsa ndi kupanga ndiponso kuitanitsa gasi wa R22, osati kugwiritsa ntchito makina amene munthu ali nawo kale pakhoma. Aircon ya R22 imene ikuzizira bwino isiyeni igwire ntchito yake mpaka itatopa yokha.

Koma m'kalata yanu muli mawu amodzi amene andidetsa nkhawa kuposa nkhani ya malamulo, mawu akuti "katatu". Gasi wa mu aircon sali ngati gasi wophikira kapena mayunitsi a ZESCO amene amatha ukamagwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka pa makina a panja kulowa m'nyumba, n'kubwereranso, chaka ndi chaka. Akachepa ndiye kuti penapake pakuchucha. Amene akudzaza osafufuza pamene pakuchuchapo akutunga madzi ndi dengu, ndipo ndalama zake ndi zanu.

Izi zidandichitikira ine ndemwe kunyumba kwathu ku Kabwata. Kawiri konse munthu ankabwera ndi silinda yobiriwira, kulumikiza, kudzaza, kulandira zake n'kumapita, ndipo pakatha miyezi ingapo tinkayambanso kutuluka thukuta usiku. Ulendo wachitatu ndidaitana bambo wina wachikulire. Iwo sanatsitse n'komwe silinda m'galimoto. Adapempha kabotolo, kuthiramo madzi ndi sopo wotsukira mbale, n'kuyamba kupaka thovu pa manati a m'mbali mwa makina a panja. Pa nati yaing'ono thovu lidayamba kufufuma pang'onopang'ono, kuphulika, kufufumanso. Adandionetsa ndi chala fumbi lakuda limene lidamatirira pansi pa natiyo, amvekere, "Awa ndi mafuta a mu kompuresa. Pamene patuluka mafuta, gasi wadutsa kale." Adadula nsonga ya paipi, kuikonzanso kukamwa kwake, kumanga, kuyesa ndi nitrogen, kukoka mpweya wonse ndi pampu ya vacuum, kenaka kuthira gasi akuyang'ana pa sikelo. Makinawo adatitumikira zaka zina zingapo osafunanso kudzazidwa.

Ndiye musanaganize zogula, itanani munthu woti apeze pochucha. Ngati ndi pa nati kapena pa valavu, ntchitoyo ndi yaing'ono, konzetsani ndipo mudzazitse komaliza. Koma ngati koilo ya m'kati, timapaipi topindapinda timene gasi amadutsamo, yadyeka n'kuboola malo angapo, kapena kompuresa yayamba kulira ndi kugwetsa breaker, pamenepo ndalama zanu zisapitenso ku makina a zaka 10 ndi gasi amene akusowa.

Kusowako n'koona, ndipo mmisiri wanu sananame kotheratu. Nkhaniyi idayamba kalekale. Mu 1985 asayansi a ku Britain adalengeza kuti mpweya wa ozoni, umene umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, udaperepeseka kwambiri pamwamba pa Antarctica. Choyambitsa chake chinali chlorine wochokera m'magasi ngati R12 wa m'mafiriji akale. Mu 1987 mayiko adasaina pangano la Montreal, ndipo Zambia ili momwemo. R12 adatsekeredwa khomo m'mayiko osauka mu 2010. R22 nayenso ali ndi chlorine, kungoti sawononga kwambiri ngati mnzakeyo, choncho adapatsidwa nthawi yotalikirapo. Kwa mayiko ngati lathu, mlingo woitanitsa udaimitsidwa mu 2013, n'kudulidwa ndi 10 peresenti mu 2015, 35 peresenti mu 2020, ndi 67.5 peresenti mu 2025. Pofika 2030 uyenera kutha, kungotsala kadontho ka 2.5 peresenti kokonzera makina akale mpaka 2040. Kuno amene amapereka zilolezo zoitanitsa magasi otere ndi a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Mukuona nokha kuti chaka chilichonse masilinda obiriwira aja a R22 azicheperachepera, ndipo chosowa chimakwera mtengo.

Chosowa chimaitananso akuba. Pamene R22 weniweni akuchepa, pamsika pamalowa masilinda olembedwa bwino kunja koma m'kati muli zosakaniza zosadziwika, nthawi zina ngakhale gasi woyaka moto. Ndipo pali amisiri ena amene amati, "Tingothiramo R410A, ndi chimodzimodzi." Chonde amayi, musavomere. R410A amagwira ntchito pa mphamvu yokankha yoposa ya R22 ndi theka lonse kapena kupitirira, ndipo mafuta a mu kompuresa yake ndi a mtundu wina. Mukathira m'makina a R22, kompuresa siichedwa kufa. Kusakaniza magasi awiri m'makina amodzi n'koipanso chimodzimodzi. Alipo gasi wina, R407C, amene adapangidwa kuti alowe m'malo mwa R22, koma amafuna kusintha mafuta ndi kutsuka mapaipi, ndipo pa aircon ya chipinda chimodzi ine sindiona phindu lake.

Tsopano za mwana wanu. Akunena zoona, koma zoona za kumene aliko. R410A alibe chlorine, sawononga ozoni, n'chifukwa chake adalowa m'malo mwa R22. Vuto lake ndi lina: amatenthetsa dziko. Kilogalamu imodzi ya R410A ikathawira mumlengalenga imasunga kutentha ngati makilogalamu 2,088 a carbon dioxide. R22 ndi 1,810. Poona zimenezi mayiko adakumananso ku Kigali mu 2016 n'kuwonjezera pa pangano lija kuti magasi a gulu la R410A nawonso achepetsedwe. Ku America, kuyambira 2025 mafakitale adasiya kupanga ma aircon atsopano a m'nyumba a R410A, adasamukira ku R32 ndi R454B. Ife ndondomeko yathu ndi yochedwerapo: mlingo woitanitsa magasiwa udaimitsidwa mu 2024, udzadulidwa ndi 10 peresenti mu 2029, 30 peresenti mu 2035, theka mu 2040, mpaka 80 peresenti mu 2045. Choncho amene ali ndi ya R410A kale asade nkhawa, gasi wake apezeka kwa zaka zambiri ndithu.

Koma kwa inu amene mukufuna kugula lero, ine ndikuti gulani ya R32. Mphamvu yake yotenthetsa dziko ndi 675, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a R410A, ndipo makina ake amafuna gasi wocheperapo. Komanso ndi gasi mmodzi, osati wosakaniza. R410A ndi theka R32, theka R125. Chifukwa china n'chakuti ife sitipanga makinawa, timalandira zimene mafakitale a ku China, Japan, Korea ndi kwina akupanga, ndipo iwo adatembenukira kale ku R32. Kumene kwalowera mafakitale n'kumenenso zipangizo zokonzera zizichokera. Ya R410A yotchipa ija siyoipa, ingakutumikireni, koma dziwani kuti mwina ndi katundu amene misika ina idakana, ndipo mtengo wake uyenera kutsika mokwanira kuti musiye ya R32. Imene musayandikire n'komwe ndi ya R22 "yatsopano" kapena yogwiritsidwapo kale ntchito imene munthu angakutsatseni motchipa. Musadalire pakamwa pa wogulitsa. Pambali pa makina a panja pamakhala kachikwangwani kolembedwa mtundu wa gasi ndi kulemera kwake. Werengani nokha, kapena jambulani ndi foni.

Ena akuuzani kuti R32 amayaka moto. Inde amayaka, koma movutikira, sali ngati gasi wophikira. M'chipinda chachikulu bwino, ndi makina oikidwa bwino, palibe choopa. Ngozi imakhala kwa mmisiri wosasamala amene amawotcherera paipi ndi lawi gasi akadali m'kati, kapena kusuta fodya pamene akugwira ntchito. Mufunseni poyera ngati adagwirapo R32.

Kunena zoona, woika ndi amene ndimamuopa kuposa gasi. Makina abwino ambiri mu Lusaka muno amaphedwa tsiku lomwe aikidwa. Pogula yatsopano musinthe zonse ziwiri, ya m'nyumba ndi ya panja, chifukwa ya R22 singagwirizane ndi ya R32. Mapaipi a kopa akale nawonso achoke. Woika angakuuzeni kuti asiye omwewo kuti mupulumutse ndalama, koma m'kati mwake muli mafuta akale, mwina ndi opyapyala kwa gasi wokankha kwambiri, ndipo kwa inu mwina ndi momwemo mmene mukuchucha. Akamaliza kulumikiza, muimirire pomwepo muone ngati atulutsa pampu ya vacuum n'kuisiya ikulira kwa kanthawi. Ambiri amangotsegula valavu pang'ono kuti gasi akankhe mpweya, psii, basi atha. Chinyezi chotsalira m'mapaipi chimasakanikirana ndi mafuta a makina atsopanowa n'kusanduka asidi, ndipo asidiyo amadya kompuresa mwakachetechete mpaka waranti itatha. Munthu wobwera wopanda pampu ya vacuum mubwezeni mwaulemu.

Malaiti nawonso tisawaiwale. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, pamene tinkakhala maola 17 ndi kupitirira mumdima. Sankhani yolembedwa kuti inverter. Dzinali limasokoneza, si inverter ya solar ija ayi, limangotanthauza kuti kompuresa yake imawonjezera ndi kuchepetsa liwiro m'malo mozima ndi kuyaka. Imadya mayunitsi ochepa ndipo siikoka moto wambiri poyamba, zimene zimathandiza ngati tsiku lina mudzaika solar kapena jenereta. Koma ili ndi bolodi ya magetsi yosachedwa kupsa malaiti akabwera mwamphamvu, choncho muikireni chotetezera magetsi chimene chimadikira mphindi zingapo chisanalole moto kudutsa. Pa chipinda chogona wamba, ya 9,000 kapena 12,000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsa) imakwana, ndipo ngati ili yotenthetsanso mudzaiyamika mu Juni ndi Julayi.

Chatsala ndi makina akalewo. Zimandipweteka ndikamaona anyamata akumasula nati n'kusiya gasi yense akuuluka, kenaka kukagulitsa kopa kwa ogula zitsulo. Aircon yaing'ono imasunga gasi pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo mwaona kale kuti kilogalamu imodzi ya R22 ndi chiyani kumwambaku, kwa ife amene mvula yathu yayamba kale kutisokoneza. Ngati kompuresa ikadali yamoyo, mmisiri angathe kuyatsa makina, kutseka valavu ya paipi yaing'ono, kudikira kuti gasi yense abwerere m'makina a panja, n'kutseka yaikulu asanamasule chilichonse. Amisiri amati pump down, ndipo sizitenga mphindi zambiri. Ngati yafa, pamafunika makina okokera gasi mu silinda, ndipo amene ali nawo angaugwiritsenso ntchito pokonza ya munthu wina.

Mmisiri akapaka thovu lija, mundilemberenso mundiuze pamene latulukira, pa nati kapena pa koilo, ndipo mutumize chithunzi cha kachikwangwani ka pa makina a panja. Tikaona zimenezo tidzadziwa ngati ya malemu bambo ingakhalebe pakhoma kwa zaka zina.