Za converter ija, mphwanga

Eee, moni nonse pagulu pano. Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva kuti mwendo uja wayambanso, ndikuimbirani padera madzulo. Pano ndikufuna ndimuyankhe mwana wanuyu, chifukwa chiyambire Lachiwiri akungonditumizira zithunzi, ndipo ndikapanda kuyankha lero anena kuti amalume a ku Joni anayamba matama. Enanu pepani, ikhala yayitali. Amene za nyimbo sizikukukhudzani ingodumphani.

Iwe mphwanga, funso lako ndalimva. Ukuti Focusrite Scarlett 2i2 yako yofiira ija, kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta pojambula nyimbo, yakutumikira mokwanira, tsopano waona converter ya madola pafupifupi 2,000, ndipo anthu a pa YouTube akuti ikangolowa mu situdiyo mawu amatseguka ngati wavundukula bulangete pa sipika. Ukufuna ndikugulire kuno, ndikutumizire pa basi, ndalama uzibweza pang'onopang'ono ukajambula kwaya ya amayi a kutchalitchi ija. Ndiye ukufunsa kuti kusiyana kwa mawuko kulipodi, nanga n'koyenera ndalama imeneyo?

Kulipo. Ndisakunamize kuti mabokosi onse ndi amodzi. Koma n'kochepa moti m'chipinda chako chija sungakumve, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Ukhoza kunena mumtima kuti tsabola wakale sawawa, koma tamvera kaye.

Ntchito ya converter ndi imodzi basi. Maiki ikatola mawu imawasandutsa magetsi okwera ndi kutsika. Kompyuta magetsi otero siwadziwa, imadziwa manambala. Ndiye kabokosiko kamayeza magetsiwo kambirimbiri pa sekondi n'kulemba manambala, ndipo pomvetsera kamabweza manambalawo kukhala magetsi opita ku sipika. CD isanatuluke mu 1982, a Sony ndi a Philips anagwirizana kuti aziyeza ka 44,100 pa sekondi, pa 16 bit (ma bit akachuluka, muyezo uliwonse umalembedwa molondola kwambiri). Nambala imeneyo sanangoitola. Khutu la munthu, la mwana wamng'ono lomwe silinaonongeke, limalekeza pa 20,000 Hz, kutanthauza mawu onjenjemera ka 20,000 pa sekondi, ndipo masamu ake amati uyeze mopitirira kawiri pa mawu okwera kwambiri amene ukufuna kusunga. Ine amalume ako, zaka zonsezi ndikuima pafupi ndi masipika a m'maukwati, ndinadziyeza chaka chatha, ndikulekeza cha m'ma 14,000. Iweyo ndi mahedifoni ako ogona nawo aja, usadzitame, ukubwera konkuno.

Tsono 16 bit ija imapereka mpata wa ma dB (muyezo wa mphamvu ya mawu) pafupifupi 96 pakati pa mawu okweretsetsa ndi kaphokoso ka makina komwe kali pansi. Kabokosi kako kofiirako ndi ka 24 bit, kamapitirira 100 bwinobwino. Zodulazo zimafika cha m'ma 120. Ndiye madola 2,000 akowo ukugula chete wa pansi penipeni, chete woti kuti umumve ufunika chipinda chopanda ngakhale kupuma kwa munthu.

Nanga chipinda chako? Nyimbo unanditumizira mu Januwale ija ndinaimvetsera pa masipika a kuntchito, katatu konse. Mtsikana woimbayo ali ndi mawu, zoona, umusunge. Koma pomwe akupuma asanalowe kolasi yachiwiri, tambala wa aneba akumveka. Si nthabwala ayi, achemwali musaseke, akumveka bwinobwino, analira kawiri. Pansi pa nyimbo yonse pali kaphokoso kakuti mmmm, kaja ka magetsi ka 50 Hz, kusonyeza kuti waya wa earth m'nyumbamo sali bwino kapena chingwe cha gitala n'chotha. Ndipo mawu akewo akumveka ngati akuimbira m'mgolo, chifukwa makoma anayi onsewo ndi simenti yosalala, pamwamba malata opanda siling'i. Zitatu zimenezi converter yodula sichotsa ngakhale chimodzi. Idzangomujambula tambalayo mokhulupirika kwambiri. Kuli ngati kuika loko wa kubanki pa chitseko cha bango.

Dikira, ketulo... eya, ndabwera.

Ndikuuze zomwe zinandichitikira ine, chifukwa matenda akowa ndinadwalapo. Zaka zingapo zapitazo abwana athu anabwereka converter ina yodula kwambiri, yoti mtengo wake ungagule kagalimoto. Tinailumikiza pambali pa yathu yakale. Abwana akudina batani, iyi yakale, iyi yatsopano. Tonse m'chipindamo mitu gwedegwede. Ine ndinalumbira kuti besi yalimba, mawu a woimba abwera kutsogolo, zinganga za ng'oma zikuwala. Ndinalankhula Chingerezi chambiri tsiku limenelo. Ndiye panali kamnyamata kena kophunzira ntchito, kosalankhulalankhula, kanangotenga mita n'kuyeza potulukira mawu pa mabokosi awiriwo. Yodulayo inali yokwera ndi 1 dB yokha. Pamenepo ndi pomwe panagona nkhani yonse. Khutu la munthu lili ndi chinyengo chimenechi: chinthu chikakwera pang'ono chabe, silinena kuti chakwera, limanena kuti chakoma.

Tinazilinganiza bwinobwino, kusiyana kosapitirira 0.1 dB. Kamnyamatako kanakhala kuseri kwa katani ndi kobiri, kakaponya n'kusankha bokosi, ife osaona. Maulendo 20. Ine ndinalondola 11. Munthu wogontha akanangolota akanapeza 10. Manyazi ake, ndinapita kukaphika tiyi wosafunika. Koma pali china, ndisabise. Mkulu wathu wa mastering (kusalaza komaliza nyimbo isanatuluke), munthu woti ntchito yake tsiku lonse ndi kumvetsera tinthu ting'onoting'ono, anavala mahedifoni ake, anasankha kachigawo kamodzi ka masekondi ochepa pomwe chinganga chikuzirala, n'kumakabwereza. Iyeyo analondola 16. Ndiye ndikati kulipo, ndikunena zimenezo. Kulipo kwa munthu mmodzi pa asanu, pa kachigawo kamodzi, atatseka maso, m'chipinda chomwe makoma ake anadya ndalama zoposa bokosilo.

Ndipo si ife tokha tinayesapo. Mu 2007 anthu awiri a ku Boston, Brad Meyer ndi David Moran, anatulutsa kafukufuku m'magazini ya Audio Engineering Society. Ankaseweretsa ma disc apamwamba aja a SACD ndi DVD-Audio, nthawi zina molunjika, nthawi zina mawuwo akudutsa kaye mu converter ina yowatsitsira pa mlingo wa CD wamba, omvera osadziwa. Pa maulendo 554, analondola 276. Pafupifupi theka, ngati kuponya kobiri. Ena anatsutsa, amvekere ma disc ena omwe anagwiritsa ntchito sanali apamwamba kuchokera pojambula, ndipo mfundo imeneyo ndi yomveka. Kenako mu 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University ku London anasonkhanitsa kafukufuku 18 wa nkhani yomweyi n'kuphatikiza, anapeza kuti anthu amalondola pafupifupi 52 pa 100 iliyonse, ndipo ophunzitsidwa kumvetsera amakwera kufika cha m'ma 60. Waona? Ngakhale amene akuti kusiyana kulipo, nambala yawo ndi imeneyo. Palibe bulangete lovundukulidwa apa.

China choti udziwe, m'kati mwa mabokosi onsewa, otchipa ndi odula omwe, kachipangizo kosandutsa mawuko kamachokera ku makampani owerengeka: AKM, ESS, Cirrus Logic, Texas Instruments. Mu Okutobala 2020 fakitale ya AKM ku Nobeoka, ku Japan, inapsa. Makampani ambiri anasowa pogwira, ena anasinthira ku ESS, ngakhale RME ya ku Germany inatero pa bokosi lake lina lotchuka. Pa intaneti anthu anakangana mpaka thovu kukamwa, wina AKM ndi yofunda, wina ESS ndi yakuthwa. Kuntchito kwathu kasitomala ngakhale mmodzi sanabwere kudzafunsa kuti nyimbo yanga yadutsa mu chipi yanji. Amafunsa kuti bwanji mawu anga sakumveka pamwamba pa kiyibodi.

Ndipo anthu ako a pa YouTube aja, taganiza. Iwe ukuwamvera pa foni, mwina kudzera pa kasipika ka Bluetooth. YouTube imafinya mawu isanakupatse, Bluetooth imafinyanso. Ngati ukumva kusiyana pamenepo, si converter imene ukumvayo. Mwina ina yakwera, mwina ndi nkhope ya munthuyo akutsinzina ngati akudya uchi. Enanso mabokosiwo amapatsidwa ulere kuti awaonetse, sanatulutse khobidi.

Nanga nyimbo ya kwayayo ikatha ipita kuti? Amayi aja adzatumizirana pa WhatsApp. Ena adzaika pa memory card, izikalira mu minibasi ya ku Limbe, kondakitala akukuwa. Ikachita mwayi ilowa pa wailesi, ndipo FM imadula chilichonse chopitirira 15,000 Hz. CD imanyamula 1,411 kbps (kuchuluka kwa data pa sekondi), MP3 yomwe anthu amagawana kwambiri ndi 128. Sindikuti ujambule mosasamala poti anthu akamvera pa foni, ayi. Ndikuti zomwe zimapulumuka ulendo wonsewo ndi maimbidwe, chipinda, malo omwe unaika maiki, ndi mix, kasakanizidwe ka mawu onsewo. Tambala uja amafika mpaka mu minibasi. Ma dB 120 safika.

Alipo oyenera kugula zodulazo. Munthu wa mastering amene amatulutsa nyimbo m'kompyuta, kuidutsitsa m'makina a analogi, kuibwezanso, tsiku ndi tsiku, makasitomala ake akulipira ma rand ambirimbiri, ameneyo agule. Komanso kunena zoona, pa mabokosi odula ndalama zambiri sumalipirira mawu. Umalipirira ma driver (mapulogalamu olumikiza bokosi ndi kompyuta) osagwa pakati pa kujambula, latency (kuchedwa kwa mawu) yochepa, ma preamp (zokwezera mawu a maiki) okhala ndi mphamvu yokoka maiki ngati Shure SM7B yomwe imafuna gain ya ma dB pafupifupi 60, ndi chitsulo choti chikhala zaka 15. Zimenezo ndi zenizeni, ndimazilemekeza. Koma bokosi la pa zithunzi wanditumizirazo ndaliyang'ana, lilibe ndi polowetsa maiki pomwe. Ndi converter yokhayokha, ya ma channel awiri. Unaona zimenezo? Ukanagula, ukanafunikanso preamp padera.

Vuto lako lenileni ndi lakuti kwaya ya anthu 30 ukufuna kuijambula ndi mabowo awiri. Apo ndiye pofunika ndalama. Pali Scarlett 18i20, pali Behringer UMC1820, zonsezi zili ndi polowetsa maiki 8, ndipo mtengo wake sufika ngakhale theka la chija ukufunacho. Ukatero soprano, alto, tenor, besi aliyense ali ndi maiki yake, wotsogolera yake, kiyibodi yake, ziwiri zotsala uziimika patali zitole tchalitchi chonse. Kusiyana kumeneko ngakhale agogo ako akumva, osavala mahedifoni.

Ndalama yotsalayo, gula rockwool, zonga ubweya zomeza mawu kuti asamabwerere kuchokera kukhoma, upite kwa kalipentala akukhomere mafelemu a matabwa, ukutire ndi nsalu yopyapyala yoti ukaipuzira mpweya ukudutsa, chitenje chimene chimatheka. Upachike m'mbali momwe umakhala, kumbuyo, ndipo m'makona uike zokhuthala. Mathireyi a mazira aja unamata pakhoma uchotse, sagwira besi, amangosunga mphemvu. Itana wamagetsi wodziwa ntchito aone earth. Ndipo ugule UPS kapena ka inverter kabwino, chifukwa magetsi akabwera mwamphamvu atathima, bokosi la madola 2,000 limapsa chimodzimodzi ndi la madola 200. Likapsa, ndani akalikonze kumeneko? Lidzakweranso basi kubwerera kuno, miyezi itatu uli manja lende, ngongole ya amalume ikuyenda. Sindinawerengere msonkho wa pa Mwanza.

Ngati mtima ukukanabe, yesa wekha, sizilira ndalama. Tenga nyimbo yomwe umaidziwa bwino, ya WAV yosafinyidwa, osati MP3. Lumikiza chingwe kuchokera potulukira pa Scarlett yako kulowa polowera pake pomwe, uiseweretse uku ukuijambula. Ndiye kuti yadutsa mu converter yako kawiri, potuluka ndi polowa. Linganiza volume ndi yoyamba ija mpaka mita ifanane, udule poyambira pafanane. Ukatero ika pulogalamu yoseweretsera nyimbo ya foobar2000 pa laputopu, ili ndi ka ABX kowonjezera kaulere, kamakubisira kuti iyi ndi iti. Kapena mlongo wako akhale kuseri ndi kobiri ngati kamnyamata kathu kaja, koma asaseke, ameneyo nkhope yake imaulula. Maulendo 20, osaonera. Ukalondola 15 kapena kuposa, unditumizire chithunzi cha zotsatirazo pagulu pompano, tikambirananso, mwina khutu lako ndi la mkulu wa mastering uja. Ukapeza 10 kapena 11, usadandaule, uli ndi amalume ako.

Ndiye panopa chita izi: tenga tepi uyeze chipindacho, mulitali, mulifupi ndi kutalika kwa khoma, unditumizire pamodzi ndi zithunzi za makona onse anayi ndi kudenga. Undiuzenso maiki zomwe uli nazo, mayina ake enieni, osati kungoti yakuda ija. Loweruka ndikhala m'tauni, ndikafunsa mitengo ya 18i20 ndi Behringer ija, yatsopano ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo munthu wa basi amene ndimamudalira anyamuka kumapeto kwa mwezi. Achemwali, za soya zija musagulitse chifukwa cha nkhani imeneyi, sizifika pamenepo. Foni ikutha moto, mupereke moni kwa amayi.